Zipangizo za Makolo Athu Zimene Zikutha ndi Dzimbiri

Mawu amene Mlembi wa Bungwe analankhula kwa mamembala pa msonkhano wa pachaka ku Limbuli

Ndithokoza Komiti chifukwa chondilola kuima pamaso panu ndi nkhani imene siili ya ntchito yanga. Nonse mundidziwa kuti ndine kalaliki. Zida zanga ndi cholembera ndi mabuku a mu ofesi, ndipo manja anga ndi ofewa. M'nyumba muno ndikuona amisiri a matabwa, osula, okhoma zidebe ndi okonza njinga amene anayamba ntchito zawo ine ndisanabadwe. Kwa iwo ndipempha kuti pamene ndiphonye andikonze poyera, pakuti zambiri zimene ndinene ndinazitola pakhonde la mmodzi wa iwo.

Nkhani yanga iyambira pa bokosi limodzi. Agogo anga aamuna, obala mayi anga, anaphunzira ukalipentala m'nyumba ya amisiri pa esiteti ina ya tiyi kuno kwathu, ndipo pambuyo pake anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero tiutchula Harare. Pobwerera kumudzi anabwera ndi bokosi la zipangizo. Atamwalira, bokosilo linakhala pansi pa bedi m'nyumba ya mayi anga zaka zambiri, popeza amalume analibe nalo chidwi, ndipo ife adzukulu tinali kuthamangira sukulu ndi mtima wakuti tidzavale taye. Tsono mu March 2023 anafika namondwe wa Freddy. Sindifuna kukumbutsa zilonda. Mudziwa nokha zimene napolo anachita m'midzi ya m'tsinde mwa phirili ndi m'mbali mwa Muloza ndi Ruo, ndiponso kuti m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Alipo m'nyumba muno amene anataya abale, ndipo poyerekeza ndi iwo ife sitinataye kanthu. Chipupa cha nyumba ya mayi chinagwa, ndipo bokosi lija linakhala m'matope milungu ingapo tisanalifukule.

Titalitsegula tinapeza zonse zili zofiira, zomatana ngati chigumu. Masiku omwewo anali kuyendayenda m'midzi anyamata ogula zitsulo zakutha, atamangirira sikelo panjinga. Mmodzi anapachika zonsezo pa sikelo yake nanditchulira mtengo, ndipo ndivomere pamaso panu kuti ndinali pafupi kulandira, pakuti nthawi imeneyo ndalama iliyonse inali ya malata kapena ya ufa. Amene anandiletsa ndi mkulu wina, kalipentala wopuma, amene anali kudutsa pamsewu. Anatola chitsulo chimodzi m'muluwo, nachikanda ndi msomali kufikira zilembo zinaoneka, nati, "Mdzukulu wanga, kodi ukugulitsa agogo ako pa sikelo ngati nandolo?" Ine ndinati, "Agogo, zimenezi zatha kale." Iwo anati, "Chimene chatha ndi maso ako. Bwera nazo kwathu Loweruka."

Chitsulo chimene anakandacho chinali puleni yopalira matabwa, nambala 5, yotalika mainchesi 14, ndipo dzina limene linaoneka linali Record. Mapuleni a dzina limeneli anayamba kupangidwa mu mzinda wa Sheffield ku England mu 1931. M'bokosimo munalinso macheka, amene ambiri timati sowo, a dzina la Spear & Jackson, matchizulo anayi a Marples, a ku Sheffield komweko, nyundo ziwiri, sikweya, chiboolero chopukusa ndi dzanja, sompho, ndi matupa angapo. Mayina amenewa, pamodzi ndi Stanley ndi Disston a ku America, muwasunge m'mutu, chifukwa mukawaona pansi pa dzimbiri mudziwe kuti m'manja mwanu muli chitsulo chokhwima bwino, chimene anachipanga kuti chinoledwe kambirimbiri kufikira chitafupika.

Ndipo musaganize kuti bokosi lotere lili m'nyumba ya mayi anga mokha. Dera lino lakhala ndi amisiri kuyambira kale. Makolo athu anali kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo pachipala ndi mvukuto Mzungu asanaponde kuno. Amishoni a ku Scotland atakhazikika ku Blantyre mu 1876 anaphunzitsa anthu ukalipentala ndi kumanga, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, chinatuluka m'manja mwa anthu akuda a dziko lino, ndipo chidakaimabe. Tiyi atabzalidwa kuno ku Mulanje kuyambira 1891, maesiteti anafuna anthu okhoma mabokosi, omanga nyumba ndi okonza makina. Ena anapita ku Rhodesia, ena ku Joni ndi Wenela, kufikira mu April 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu athu oposa 70, ndipo Boma linaimitsa maulendowo. Amuna amenewa sanabwere ndi majekete ndi magalamafoni okha ayi. Ambiri anabwera ndi zipangizo. Zili kuti lero? Zina zili m'nkhokwe, zina zikutsekera chitseko cha khola la nkhuku, zina ana akuswera mtedza, ndipo zambiri zapita kale pa sikelo.

Chimene chindipweteka mtima ndi ichi. Ku Britain kuli bungwe lotchedwa Tools for Self Reliance, limene kwa zaka zoposa 40 lakhala likusonkhanitsa zipangizo zakale, anthu odzipereka nazitsuka, nazinola, nazitumiza kumayiko a mu Africa, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayikowo. Tiwathokoze anthu amenewo. Koma taganizani, abale: nkhalamba ya kutsidya kwa nyanja ikhala tsiku lonse kupala dzimbiri pa puleni kuti ifike m'manja mwa mnyamata wa kuno, pamene ife puleni ya mtundu womwewo tikuigulitsa pamtengo wa zitsulo zosungunula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero akuluakulu. Koma ife tataya wa pamphuno, ndipo tikuyembekeza wobwera pa sitima.

Tsono ndifotokoze zimene ndinaphunzira pakhonde paja, Loweruka ndi Loweruka, kwa miyezi ingapo.

Choyamba tinamasula chilichonse chimene chinalola kumasuka, ndi kutsuka matope ndi madzi, ndi kuumitsa padzuwa. Zomangira zimene zinakana sitinazikakamize. Mkulu uja anazidonthezera palafini, natiuza kuti tidikire masiku awiri kapena atatu, pakuti thupi la puleni ndi chitsulo chosungunula, chofanana ndi cha mphika wa miyendo itatu: n'cholimba, koma sichipindika, chimangosweka, ndipo chikasweka ndiye kuti nkhani yatha. Munthu wopupuluma amene agwira nyundo kuti amasule chomangira chimodzi awononga m'kamphindi chinthu chimene chakhala zaka 70.

Dzimbiri lochepa lichoka ndi palafini ndi sandipepa wosalala, kapena ndi waya uja amayi akwechera mapoto. Dzimbiri lokhuthala lifuna chowawasa. Tinamiza zitsulo mu viniga usiku umodzi. Amene alibe viniga angathe kufinya mandimu, amene kuno sasowa. M'mawa dzimbiri lija lisanduka ngati phala lakuda lochoka ndi burashi. Koma apa pali msampha, ndipo ine ndinakodwamo. Chowawasacho chikatha kudya dzimbiri sichileka, chiyamba kudya chitsulo chenicheni. Ndinasiya mpeni wina wa chiboolero m'botolo masiku asanu chifukwa cha ntchito ya kutha kwa mwezi ku ofesi, ndipo ndinaupeza uli ndi tizibowo ngati chisa cha njuchi. Ndiponso mukachotsa chitsulo mu viniga muyenera kupha mphamvu ya chowawasacho, apo ayi chichitanso dzimbiri muli kuyang'ana. Mankhwala ake ali kale kukhitchini: soda wophikira therere, kapena chidulo chimene amayi athu acheza ndi phulusa. Tsukani m'menemo, pukutani, umitsani padzuwa kapena pafupi ndi moto wozilala, ndipo pakani mafuta nthawi yomweyo, osati mawa. Mipini yamtengo isalowe mu viniga.

Ponena za mafuta, abwino ndi aja opyapyala othira m'makina osokera. Ambiri apaka oilo wakuda wochotsedwa m'galimoto popeza ndi waulere. Pa khasu ndi pa chikwanje achita bwino, koma pa puleni adetsa thabwa, ndipo pakhungu sali wabwino. Pa mipini yamtengo mkulu uja anali kupaka mafuta a nsatsi, monga anali kuchitira makolo.

Ndifike pa kunola, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ine ndinali kuganiza kuti kunola ndi kukhuza mpeni pamwala kufikira uwale, monga tichitira ndi chikwanje kumtsinje. Si tero. Mpeni wa puleni ndi tchizulo zili ndi mbali ziwiri: kumbuyo kumene kuli kwafulati, ndi kumaso kumene kuli kopendeka. Kuthwa kuli pamene mbali ziwirizi zikumana. Kumbuyo kukakhala ndi maenje a dzimbiri, angakhale munole kumaso chaka chathunthu, mpeniwo udzakhala ndi mano ngati a nkhalamba, nusiya mizere pathabwa. Chifukwa chake muyambe ndi kumbuyo: goneka mpeni chafulati pamwala wonolera, osaudzutsa ngakhale pang'ono, ndi kukhuza kufikira kunsonga kwake kuwale kofanana konsekonse. Ntchito imeneyi n'njotopetsa, koma ichitika kamodzi kokha pa moyo wa mpeniwo.

Kumaso kwake kupendeke madigiri 25 kufikira 30. Ndinafunsa kuti munthu wopanda choyezera adziwa bwanji madigiri, ndipo yankho lake linandikondweretsa, chifukwa linagwirizana ndi masamu amene tinaphunzira ku sekondale osadziwa ntchito yake. Malo opendekawo akakhala otalika kawiri kuyerekeza ndi kuchindikala kwa mpeni, ndiwo madigiri 30. Akatalika kawiri ndi theka, ali pafupi ndi 25. Mpeni wochindikala mamilimita 2 ukhale ndi malo opendeka a mamilimita 4 kapena 5. Mkulu uja sanatchulepo madigiri, iye anangoti, "Kawiri ndi kachidutswa." Khuzani kumasoko kufikira chala chimve kamlomo kopyapyala katapindikira kumbuyo, kamlomoko ndi umboni wakuti mbali ziwiri zija zakumana. Tembenuzani, khuzani chafulati kawiri katatu, ndipo malizani pa lamba wakale wachikopa. Yesani mpeniwo kumutu kwa thabwa la paini. Ukadula mosalala wathwa. Ukafinya ndi kuphwanya, bwererani kumwala. Mwalawo muuthire timafuta kapena palafini, ndipo muuyende wonse, osati pakati pokha, pakuti mwala wokumbika ngati mtondo sungawongole kanthu.

Pano ndiulule kulakwa kwanga kwachiwiri, kumene kundichititsa manyazi koposa. Tchizulo yaikulu inali itabenthuka kunsonga, ndipo ndinatopa nayo. Osauza mkulu uja, ndinapita nayo kwa anyamata owotcherera zitsulo kuti aidyetse pamakina amagetsi. M'mphindi imodzi inawongoka, koma kunsonga kunasanduka kobiriwira ngati khosi la njiwa. Ndinabwera nayo ndikunyada. Iwo anaiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Waiphika." Anandifotokozera chimene wosula aliyense adziwa: chitsulo chodulira achikhwimitsa pochitenthetsa kufikira chifiire ndi kuchiviika mwadzidzidzi, kenaka achifunditsanso pang'ono kufikira chioneke mtundu wa udzu wouma, kuti chisakhale chophweka kuthyoka. Chikatentha kupitirira apo, chikafika pa mtundu wobiriwira uja, chafewa, ndipo sichisunganso kuthwa. Tinachotsa pamwala, ndi manja, mbali yonse yopsayo, ndipo ntchito imene ndinaithawa inachuluka katatu. Amene afuna kugwiritsa makina agwire mopepuka ndi kuviika chitsulo m'madzi kawirikawiri, chisanatenthe chala.

Chifukwa chomwecho musatenthe mutu wa nyundo kapena wa nkhwangwa ya bowo pamoto kuti chotsalira cha mpini chipse. Ndidziwa kuti khasu lathu ndi nkhwangwa yathu ya makolo tiziloweza mumpini potenthetsa msuka wake, ndipo kutero n'koyenera chifukwa moto ugwira msuka wokha, kutali ndi kodulira. Koma mutu wonse ukalowa m'makala, utuluka wofewa. Boolani chotsaliracho ndi kuchikhomera kunja. Mpini watsopano ukhale wa mtengo wouma bwino, wa mitsempha yowongoka; gwafa achita bwino ndipo apezeka pakhomo lililonse. Muucheke pang'ono kumutu ndi kukhomeramo kamtengo kolimba kosongoka kuti ufufume m'bowomo. Chizolowezi chomiza nyundo yogwedera m'madzi ndi chinyengo: igwira lero, koma mtengo ukauma igwedera kuposa kale, ndipo tsiku lina mutuwo udzauluka pakati pa ana. Ndiponso zitsulo zokhomera zimene kumutu kwaphwasuka ngati bowa muzidye ndi tupa, chifukwa tizidutswa take tithothoka ndi kulowa m'maso.

Za macheka ndinena mwachidule, popeza ndidakali wophunzira. Macheka akale anoledwa ndi tupa la ngodya zitatu. Muwapane pakati pa timatabwa tiwiri, mano okha ataonekera. Yendetsani tupa lafulati pamwamba pa mano onse kuti alingane msinkhu. Kenaka nolani dzino ndi dzino, kukankha kofanana pa lililonse, kufikira kadontho kowala ka pansonga katha. Manowo apindidwe pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kunsonga kokha, kuti njira imene adula ikule kuposa chitsulo chake ndipo macheka asagwidwe m'thabwa. Akapindika kwambiri mbali imodzi, machekawo athawa mzere ngati ng'ombe yosazolowera goli. Tsono yang'anani macheka ambiri atsopano a m'sitolo: mano ake ndi akuda. Mano amenewo anawakhwimitsa kuposa tupa, kotero kuti adula bwino pachiyambi, koma akabuntha palibe mmisiri angawanole, ndipo muyenera kugula ena. Akale aja, mukawasamala, adzaona adzukulu anu.

Pomaliza tinawongola pansi pa puleni pa sandipepa womata pagalasi lochindikala, tinabwezera kachitsulo kothyola zopalidwa pamtunda wa milimita imodzi kuchokera kunsonga ya mpeni, ndipo tinamanga zonse. Tsiku limene puleniyo inayenda koyamba pathabwa, nitulutsa chopalidwa chachitali chopotana chimene munthu angaonere dzuwa, mayi anga anali pomwepo. Anati phokoso limenelo analimva komaliza ali mtsikana. Sananene zambiri, ndipo inenso sindinena zambiri.

Kuti ndisakunamizeni, si chakale chilichonse chimene chingauke. Puleni yong'aluka pakamwa, macheka opindika mothyoka, ndi mpeni umene dzimbiri laudya maenje akuya kumbuyo konse, zimenezo musataye nazo nthawi. Tupa lobuntha silinoledwa. Koma ngakhale limenelo musapereke ku sikelo, pitani nalo kwa wosula, pakuti ndi chitsulo chokhwima chimene atulutsamo mpeni kapena tchizulo, monga achitira ndi masipuling'i a galimoto. Ndiponso sindinena kuti zatsopano zonse n'zachabe. Zilipo zabwino, koma mtengo wake ndi woti kalaliki aziona pawindo la sitolo ku Limbe n'kupitirira. Zimene tingakwanitse ife, zowala zija zoyalidwa pansi pamsika, kawirikawiri ndi chikomekome cha mkuyu.

Achinyamata ena andiuza kuti nthawi ya zipangizo zamanja inapita, kuti lero ndi makina amagetsi. Ndiwayankha kuti makina ndi abwino kwa amene ali nawo ndiponso ali ndi magetsi. Nyumba zathu zambiri zilibe, ndipo ngakhale zimene zili nawo tikumbukira zimene zinachitika mu January 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, ndipo makina a amisiri ambiri anagona masana kwa miyezi yochuluka. Puleni siifunsa ngati magetsi ayaka. Ndipo mnyamata amene apita kukaphunzira luso ku Soche kapena ku Nasawa, kapena m'maphunziro ena a TEVETA, akabwera ndi setifiketi koma wopanda bokosi, adzakhala wantchito wa mwini bokosi, kapena adzakwera kabaza monga anzake.

Tsono za malo ogwirira ntchito pakhomo. Sindinena za nyumba yaikulu. Langa ndi khonde la kuseri, lotchinga ndi nsungwi mbali ya kumene kuchokera mvula. Chofunika choyamba ndi benchi yolemera yosagwedera, pakuti pa tebulo lovina palibe angapale thabwa mowongoka. Msinkhu wake ufike pa mfundo ya dzanja lanu mutaima manja ali pansi. Miyendo yake iponde pa miyala kapena pa njerwa zowotcha chifukwa cha chiswe, ndipo benchiyo iyang'ane kumene kuchokera kuwala. Chopanira chachitsulo, chimene amisiri amati vayisi, n'chabwino mukachipeza. Mukapanda kuchipeza, khomani timatabwa tiwiri pabenchi motsekula ngati mphanda, ndipo thabwa lidzadzipana lokha pamene mukankha. Amene ali ndi ndalama pang'ono asayambe ndi kugula chodulira china. Ayambe ndi mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, ndi tupa la ngodya zitatu, popeza ziwirizi ndizo zidzutsa zina zonse. Pambuyo pake sikweya yoona. Muiyese polemba mzere pathabwa la m'mphepete mowongoka, ndi kuitembenuza, ndi kulembanso pomwepo: mizere iwiriyo ikasiyana, sikweyayo ndi yabodza, ndipo chitseko chilichonse chimene idzayeza chidzakhala chabodza.

Mdani wathu wamkulu kuno ndi chinyezi. Tikhala mbali ya phiri imene ilandira mvula yambiri, yoposa mamilimita 2,000 pachaka m'malo ena a m'tsinde, ndipo mvula ikatha abwera chiperoni, amene dzina lake lichokera ku phiri la Chiperone kutsidya ku Mozambique, nanyowetsa zonse m'miyezi yozizira. Chitsulo chimene ku Nsanje chingakhale pamsomali chaka chonse, kuno chifiira m'sabata imodzi. Chifukwa chake zodulira zonse zigone m'bokosi lotseka, ndipo bokosilo likhale pamwamba, osati pansi pa bedi monga linali lathu. M'kachitini muikemo kansanza kopinda kothira mafuta, ndipo chilichonse chimene mwagwira muchipukute nako musanatseke. Thukuta la m'manja lili ndi mchere.

Pa chinthu chimodzi chokha ndingathe kuphunzitsa amisiri, chifukwa ndicho ntchito yanga: kaundula. Zipangizo zambiri za makolo athu sizinathe ndi dzimbiri, zinathera m'kubwereka. Wina abwereka nyundo pa maliro kuti akhome bokosi, ndipo ndani angalondole nyundo pa maliro? Wina ndi mlamu, wina ndi mpongozi, ndipo kuno kwathu kumene mwamuna akhala kwa mkazi, mkamwini sangakanize eni mudzi kanthu. Sindinena kuti tileke kubwerekana; mudzi sungakhale wotero. Koma ndinagula kabuku ka sukulu, ndipo ndilembamo dzina, chinthu ndi tsiku, wobwerekayo akuona. Poyamba ena anakhumudwa, nati ndabweretsa ofesi kumudzi. Lero abweza okha ndisanafunse. Mpeni wa puleni ndi matchizulo sindibwereketsa konse. Ndimati bwerani ndi thabwa lanu mudzapalire pano.

Mundilole kupatuka pang'ono, Bambo Wapampando, chifukwa munthu amene alimbikitsa anzake kunola macheka m'tsinde mwa phiri la Mulanje ayenera kunenapo za mkungudza. Bokosi la agogo anga ndi la mkungudza, ndipo ndicho chifukwa chake linatuluka m'matope losawola, fungo lake lilipobe. Mtengo umenewu mwachibadwidwe umera paphiri lathu lokha m'dziko lonse lapansi, ndipo mu 1984 unatchedwa mtengo wa fuko la Malawi. Koma pamene anauwerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Anaimaliza ndi macheka, ndipo amene anagula matabwawo anali anthu onga ife. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi akhala akubzala mbande, koma mkungudza sukula ngati bulugamu. Amene adzauone utakhwima sanabadwe. Chifukwa chake zipangizo zimene tidzutse zisakwere phiri, ndipo zisakhudze thabwa limene mwini wake abwera nalo usiku. Paini ndi bulugamu zikwanira mipando, mashelefu ndi madesiki. Ndipo m'nyumba zakale zimene zinagwa muli zitseko, mafelemu ndi mitanda ya mkungudza, ya mbawa ndi ya mlombwa, imene anthu akuiwaza nkhuni. Zulani misomali, palani, ndipo mudzapeza pansi pake thabwa limene ndi ndalama simungaligule lero.

Ndifike tsono pa pempho langa, limene ndalipereka kale kwa Komiti molemba. Ndipempha kuti membala aliyense afufuze m'nyumba mwake ndi mwa makolo ake, ndipo asagulitse chitsulo chilichonse cha ntchito kwa a sikelo asanachionetse kwa amisiri atatu amene msonkhano uno usankhe. Ndipemphanso kuti Bungwe litapeko m'thumba lake kugula gudumu lonolera lopukusa ndi dzanja, miyala iwiri yonolera, matupa, ndi chopindira mano a macheka, zimene munthu mmodzi sangazigule koma anthu ambiri angazigwiritse. Ndidziwa kuti a Msungichuma adzati thumba lathu ndi la maliro ndi la fizi ya ana amasiye, ndipo akunena zoona. Ndicho chifukwa chake sindipempha mphatso. Wonola alipire kangachepe, ndalamayo ibwerere m'thumba, ndipo ine ndidzipereka kusunga buku lake popanda malipiro ndi kuliwerenga pamaso panu chaka chamawa. Chotsala ndi chovuta koposa, chifukwa sichigulidwa: kuti akuluakulu athu amisiri apereke Loweruka limodzi pamwezi kukhala pansi ndi anyamata ndi atsikana athu. Mkulu amene anandiphunzitsa ine maso ake ayamba kuchita chifunga, ndipo mano a macheka tsopano awawerenga ndi chala. Anandiuza kuti abwera, ngati pali womunyamula panjinga.

Bokosi lija ndabwera nalo; lili pakhomo apo, pamodzi ndi thabwa la paini ndi mpeni wa chiboolero umene ndinauwononga mu viniga. Pa nthawi yopuma aliyense wofuna ayese puleniyo ndi manja ake, amayi omwe, koma ana asagwire matchizulo. Tikabwerera m'nyumba, ndipempha Bambo Wapampando kuti aike pempholi pamaso pa msonkhano, kuti tikweze manja.